KODI LIPENGA LIKASINTHIDWA MAVALAVU LIKADALI LOMWE LIJA?

Tuba ndi lipenga lalikulu la mkuwa limene limalira mawu a besi kumbuyo kwa bandi, monga lija timaliona pa perete wa apolisi kapena asilikali. Wilhelm Wieprecht ndi Johann Gottfried Moritz ndiwo analembetsa chida chimenechi ku Berlin m'chaka cha 1835. Mpweya wa woimba umayenda m'chipaipi chopindapinda, chimene mu tuba yaikulu ya BB-flat chimatalika pafupifupi mamita 5.5. Woimba akadina valavu, kachitsulo kobulungira kamatsika m'chibowo chake ndi kupatutsa mpweya kuti udzere m'kapaipi koonjezera. Njira ikatalika, mawu amatsika.

Tsono zaka zikachuluka kachitsulo kaja kamadyeka, chibowo nacho chimakula, mpweya nuyamba kuthawira m'mbali. Woimba amapemerera mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, koma lipenga limangolira ngati munthu wa chimfine. Apa mwini wake ali ndi njira ziwiri. Mmisiri angathe kusalaza chibowo, kukutira kachitsulo kakale ndi nickel kuti kanenepe, ndi kukapala pang'onopang'ono mpaka kakwane bwino. Kapena angathe kusungunula mtovu wolumikizira, kuchotsa mavalavu onse ndi kuikapo atsopano. Funso langa nali: akatero, lipengalo likadali lomwe lija?

Funsoli ndi lakale kuposa tuba. Plutarch analemba kuti anthu a ku Athens anasunga ngalawa ya Theseus pochotsa thabwa lililonse lofumbwa ndi kuikapo lina, mpaka anzeru anayamba kukangana ngati ngalawayo inali yomwe ija. Thomas Hobbes, mu 1655, anathirirapo tsabola: nanga munthu wina atatola matabwa akale onse aja n'kukhoma ngalawa yachiwiri, yeniyeni ndi iti?

Ine ndikuona kuti tuba imatithandiza kuposa ngalawa, chifukwa ili ndi chinthu chimene khutu lingathe kuweruza, ndicho liwu lake. Palibe amadandaula akasintha sipuling'i kapena kansalu kofewa ka pansi pa batani. Zimenezo zili ngati zigamba za pa malaya. Koma mavalavu ndiwo mmero wa lipenga. Kukula kwa mabowo ake ndi kapindidwe ka njira zake zimaumba liwu ndiponso mmene chidacho chimakanira kapena kulolera mpweya wa woimba. Mmisiri wokutira nickel akubwezera lipenga mmero umene linabadwa nawo, ngakhale kuti chitsulo cha pamwamba nchachilendo. Woika mavalavu a fakitale ina angathe kutulutsa chida chabwino koposa, koma mwina munthu amene analiimba zaka makumi atatu sadzalizindikira atatsinzina. Kwa ine woyambayo wachiza, wachiwiriyo wabala mwana wina m'malaya a bambo.

Alipo ena amene amati tisakhudze konse. Osunga zinthu zakale m'nyumba za chionetsero amati kudyeka kuja ndi umboni wa zala zimene zinadutsapo, ndipo kukafufutika sikubwereranso. Mfundo yawo ndi yomveka pa chida chosowa, chimene chatsala chokha pa mtundu wake. Koma malipenga ambiri akale si osowa chotero. Kulisiya lipenga lotere kuti lizitayikira mpweya m'kabati, ati polilemekeza, kuli ngati kumana gogo mankhwala poopa kuti makwinya angathe.

Pali njira yachitatu imene sindinaitchule, ndipo ndiyo yokha ndikuitcha tchimo. Mafuta okhuthala akathiridwa m'valavu yodyeka amatseka mpata uja kwa kanthawi, lipenga nililira bwino. Woimba wosowa ndalama za mmisiri akatero kuti perete wa mawa atheke, sindimuimba mlandu. Koma wogulitsa amene amathira mafutawo m'mawa wa tsiku la malonda, osanena kanthu, wanamiza wogula pa chinthu chomwe tikukanganachi. Wogulayo adzapukuta mavalavu kunyumba, nathira mafuta opepuka a masiku onse, ndipo pamenepo ndi pamene adzamve liwu lenileni la chimene wagula.