Kodi Chifuwa cha Mnzathu ndi Chake Yekha?

Tiyeni tilingalire za munthu amene ambiri a ife kuno ku Kasungu tingamuzindikire. Iye amagwira ntchito pa munda wa fodya, ndipo pa chipatala amupeza ndi chifuwa chachikulu cha TB. Mankhwala ndi aulere, koma ayenera kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Patapita miyezi iwiri kutsokomola kwaleka, mphamvu zabwerera. Fodya wacha, zigafa zikudikira, chipatala chili kutali, ndipo mapiritsi amapweteka m'mimba yopanda nsima. Mabelo akagulitsidwa ku okushoni ya Chinkhoma, iye amabwerera kwawo ku Mulanje, mankhwala osamaliza.

Tizilombo tofooka tinafa msanga, koma tolimba tinatsala n'kuswana. Matenda akayambiranso amakhoza kukhala osamva isoniazid ndi rifampicin, mankhwala awiri amphamvu amene timadalira. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 400,000 amadwala TB yosamva mankhwala chaka chilichonse. Mu 2006 kunamveka za Tugela Ferry ku South Africa, dziko limene abale athu ambiri amakasaka maganyu. Kumeneko, mwa odwala 53 amene anali ndi TB yokana mankhwala ochuluka, 52 anamwalira.

Tsono wolakwa ndani? N'kwapafupi kuloza chala wodwalayo, ndipo n'zoona kuti ali ndi udindo. TB imayenda mumpweya, choncho kumaliza mankhwala ndi ngongole imene ali nayo kwa mkazi wake, ana ake ndi anzake osankha nawo fodya m'chigafa. Ambiri amene amadwala TB yosamva mankhwala sanadumphitsepo piritsi n'limodzi lomwe, anangopuma mpweya wa mnzawo.

Komabe chilungamo chimatifunsa nafenso. Ngati timapindula iye akamaliza mankhwala, kodi n'koyenera kuti mtolowo ausenze yekha? Mwini munda amene amadula malipiro a tsiku lopita kuchipatala, mnansi amene amanong'oneza ena kuti “uja ali ndi kachilombo”, ifeyo amene tinaona njala pakhomo pake n'kungodutsa, tonse tinathandiza kuti botolo lija lisathe. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa nthenda iyi mwambiwu ndi woona kwenikweni.

Chiyembekezo chilipo. Makina a GeneXpert amayeza makhololo ndipo m'maola pafupifupi awiri amasonyeza ngati TB ikukana rifampicin. Kale chithandizo chinkatenga mpaka zaka ziwiri, ndi jakisoni amene ankagonthetsa ena makutu. Mu 2022 WHO inavomereza mapiritsi okhaokha a miyezi 6, kuphatikizapo bedaquiline. Koma mankhwala atsopanowanso adzatha mphamvu ngati tiwasiya odwala okha. Sayansi yatipatsa piritsi. Woperekeza wodwala, womupatsa phala ndi womuuza kuti akasamuka atenge kalata yokapitirizira mankhwala kwawo, ndi ifeyo.

Zokambirana

1. Kodi ufulu wa munthu pa thupi lake umalekezera pati pamene matenda ake angafike kwa ena?
2. Ndi mawu ati amene timalankhula m'mudzi mwathu amene amachititsa wotsokomola kubisala?
3. Kodi gulu lathu lingachite chiyani mwezi uno, mogwirizana ndi alangizi a zaumoyo, kuti wodwala mmodzi amalize mankhwala ake?