Khutuba ya Lachisanu: Wochotsedwa ku Yunivesite, Abise Kapena Aulule?

KHUTUBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini zolengedwa, amene amadziwa zolembedwa pa pepala ndi zobisika mumtima. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse. Inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha, ndipo ndikukulangizani inu, kuti timuope Allah.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, usiku wina titatha Swala ya Isha, mnyamata wina anatsalira mumzikiti kundidikira. Makolo ake anagulitsa usipa ndi chimanga kuti amutumize ku yunivesite ina kutali ndi kwathu kuno. Manota ake ankagwera pansi pa 10 pa 20, ndipo anabwereza makadeira omwewo mpaka malamulo a sukuluyo anamuchotsa. Tsopano akufuna kukayamba kwina, koma kumeneko akufunsa ngati anaphunzirapo pena, ndi mmene anachokerako. Iye anati: "Shehe, si inu mumatiphunzitsa kuti Allah amakonda kuti zolakwa za akapolo Ake zibisike? Nanga ndilakwa ndikalemba kuti ku yunivesite sindinapondeko?"

Funsoli ndi lolemera, pakuti m'menemo mwakumana malamulo awiri a chipembedzo chathu: kuphimba manyazi ndi kunena zoona.

Kuphimba kumene Allah amakonda ndi kwakuti munthu asadzitame ndi cholakwa chake, ndiponso asafalitse manyazi a m'bale wake. Mnyamatayu alibe udindo woima pamsika kuuza aliyense kuti anachotsedwa sukulu, ndipo amene amayenda khomo ndi khomo ndi nkhani yake akudya miseche. Koma akafunsa munthu amene ali ndi ufulu wofunsa, amene adzagamula potengera yankholo, zinthu zimasintha. Malo pa yunivesite ndi owerengeka. Wolowa ndi bodza amakankha mnzake amene ananena zoona.

Kumbukirani tsiku limene Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, nalowetsamo dzanja, napeza kuti mkati ndi monyowa. Wogulitsayo ananena kuti chinanyowa ndi mvula. Mtumiki sanamudzudzule chifukwa cha mvulayo. Anamudzudzula chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti ogula achione. Manota oipa ali ngati chakudya chonyowa chija. Mwina anabwera ndi matenda, mwina ndi njala, mwina ndi ulesi. Kulephera mayeso pakokha si tchimo. Tchimo limayamba pamene wakwirira kulepherako pansi pa mulu.

Kumbukiraninso Ka'b ibn Malik, Allah asangalale naye. M'chaka cha 9 cha Hijra iye anatsalira ku Madina pamene Asilamu anapita ku Tabuk, wopanda chifukwa chomveka. Mtumiki atabwerera, anthu oposa 80 anabwera ndi zifukwa zawo, nalumbira, ndipo anawalandira monga mwa mawu awo. Ka'b anali mlakatuli wodziwa kuluka mawu, moti akanatha kudzipulumutsa ndi lilime. Koma anavomera kuti analibe chowiringula. Iye pamodzi ndi Murara ibn al-Rabi' ndi Hilal ibn Umayya anakhala masiku 50 wopanda wowalankhula. Pambuyo pake Allah anavumbulutsa kukhululukidwa kwawo m'Sura ya Tawba, ndipo tikuwerengabe za iwo mpaka lero.

Sindikulonjezani kuti choonadi chilibe mtengo. Ka'b analipira masiku 50. Wophunzira woulula angathe kukanidwa pa khomo loyamba, mwinanso lachiwiri. Koma akuluakulu anati mlandu suola. Mapepala a sukulu amasungidwa, ndipo digiri yolowera pa bodza imakhala ndi mantha mkati mwake moyo wonse; riziki lodyedwa nayo lidzafunsidwa pa Tsiku la Chiweruzo.

Ndanena zimenezi, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah, cha ine ndi cha inu. Mupempheni, pakuti Iye ndi Wokhululuka.

KHUTUBA YACHIWIRI

Kutamandidwa ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale anga, khomo loyambiranso ndi lotsegula, koma kusintha mzinda sikusintha munthu. Amene wachoka ku Maputo kupita ku Nampula, kapena ku Beira kupita ku Lichinga, atasenza m'thumba chomwe chinamugwetsa, adzagwanso. Tawba yeniyeni ili ndi kusiya, kudandaula ndi kutsimikiza kusabwereranso. Choncho mwana wathu akhale pansi adzifunse: chinandigwetsa n'chiyani? Anzanga? Lamya ya m'manja usiku wonse? Ganyu wofunira propina ndi lendi? Kapena maphunziro amene ndinasankhiridwa, mtima wanga suli komweko?

M'zaka za m'ma 700, mnyamata wochokera ku Persia, dzina lake Sibawayh, ankaphunzira Hadisi ku Basra kwa Hammad ibn Salama. Tsiku lina analakwitsa Chiarabu, mphunzitsi namukonza pamaso pa anzake. Iye anazindikira pamene panali kufooka kwake, napita kukaphunzira malamulo a chiyankhulocho kwa al-Khalil ibn Ahmad. Buku limene analemba pambuyo pake, al-Kitab, lakhala maziko a galamala ya Chiarabu kufikira lero. Anasamuka atadziwa bala lake, ndipo anapita kumene kunali mankhwala ake.

Tsono iwe mnyamata, iwe mtsikana, katenge pepala la manota ako onse monga aliri. Funsa ngati makadeira amene unakhoza angawerengedwe kumene ukupitako. Fotokoza mwachidule chimene chinachitika ndi chimene wasintha. Ngati yunivesite yakana, sukulu ya ntchito zamanja, ya zaumoyo kapena ya uphunzitsi ndi njira yolemekezeka ya riziki la halali.

Ndipo inu makolo, ana ambiri amabisa kulephera kwawo chifukwa choopa ife. Ena amakhala chaka chathunthu mumzinda, akulandira ndalama za sukulu imene anachotsedwako, poopa maso a pamudzi. Ndalama zanu zinapita, ndipo kupweteka kwanu n'koona. Koma mwana wobwera ndi choonadi mulandireni, kuti nyumba zathu zisakhale malo oyamba ophunzirira bodza.

Mnyamata uja analemba zoona. Yankho lake silinafike. Mukumbukireni m'maduwa anu.

Inu Allah, phimbani manyazi athu, ndipo musatilole kuwaphimba ndi chinyengo. Dzutsani ana athu amene agwa, apatseni maphunziro opindulitsa ndi mitima yolimba pa choonadi. Khululukirani makolo athu, amoyo ndi amene anatsogola. Amin.

Imirirani ku Swala, Allah akuchitireni chifundo.