Ngalande ya ku Hara ndi Maloto a Mudzi Wopanda Boma

Amene anayendapo pa msewu wa M1 m'mwezi wa Okutobala, kuchokera ku Chiweta kulowera ku Karonga, akudziwa momwe dziko limasinthira munthu akamayandikira Chilumba. Tchire lonse limakhala litauma, mbuzi zikubudula makungwa a mitengo, kenako mwadzidzidzi m'chigwa cha Hara muoneka minda ya mpunga wa m'chilimwe itabiriwira. Kubiriwirako kumadzera m'ngalande, ndipo ngalande imafuna wina woichotsa matope, woimweta udzu, wotseka pamene nkhanu zaboola. Funso lathu lagona m'ngalandemo. Kodi anthu angathe kukhala pamodzi osakakamizana kanthu kalikonse, madzi n'kumafikabe kumunda wotsiriza?

Funsoli tinalimva ku Uliwa, pakhonde la sitolo, m'kamwa mwa mnyamata wina amene anabwera kutchuthi kuchokera kukoleji. Iye anali atakopeka ndi maganizo a anthu amene m'Chingerezi amatchedwa ma libertarian. Mutu wa chiphunzitso chawo ndi wosavuta kuumva. Munthu aliyense ndi mwini wa thupi lake, thukuta lake ndi chuma chimene wachipeza mwachilungamo, ndipo palibe wina, ngakhale boma, woyenera kumulanda kapena kumukakamiza, pokhapokha iye atayamba kuchitira mnzake nkhanza kapena chinyengo. Katswiri wa ku America, Robert Nozick, m'buku lake la 1974 lotchedwa Anarchy, State, and Utopia, anaphunzitsa kuti boma loyenera ndi laling'ono ngati mlonda wa usiku: ligwire akuba, liteteze anthu kwa achiwembu, lionetsetse kuti mapangano akusungidwa, lilekere pomwepo. Msonkho wotengedwa pa malipiro a munthu anaufanizira ndi ntchito yokakamiza, imene makolo athu akanaitcha thangata. Chakumapeto kwa bukulo analota dziko limene anthu ogwirizana maganizo amadzimangira midzi yawoyawo, uliwonse ndi malamulo ake, munthu n'kumalowa kumene wakonda ndi kutuluka pamene watopa.

Tisafulumire kuseka, pakuti ife Amalawi tili ndi zipsera zimene zimachitira umboni maganizo amenewa. Akuluakulu athu akukumbukira masiku amene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi la chipani. Mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka 1990, pamene eni maesiteti ankalemera naye. Masikimu a mpunga amene boma linakumba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, monga Hara, Wovwe ndi Lufilya kuno ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Likangala ku Zomba, ankayenda mwadongosolo ndithu, koma linali dongosolo la chikwapu. Tsiku lofesa nazale ndi tsiku lowokera zinkachokera kuofesi, m'masikimu ambiri a Payoniya anali pomwepo kuonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa, wosamvera ankatha kulandidwa puloti, ndipo mpunga unkapita ku ADMARC pa mtengo umene mlimi sanaukambirane ndi aliyense. Ngakhale Ibn Khaldun, amene analemba Muqaddimah mu 1377, anaona kale kuti mafumu akachulutsa misonkho anthu amagwa ulesi, ndipo mosungira chuma cha ufumu momwemo mumayamba kuchepa. Mnyamata uja akamati boma likhoza kukhala chilombo, sakunama.

Vuto limayamba pamene anthu ayesa kumanga mudzi weniweni pa maganizo amenewa. Wamalonda wina wa ku America, Michael Oliver, anathira mchenga pa matanthwe a m'nyanja ya Pacific, ndipo mu 1972 analengeza dziko latsopano lopanda msonkho lotchedwa Minerva. Chaka chisanathe mfumu ya ku Tonga inabwera ndi anthu ake n'kutsitsa mbendera ija. Ku Chile ena anayamba kugulitsa malo a mudzi wotchedwa Galt's Gulch. Pofika 2014 ogula anali atazindikira kuti chilolezo chogawira malowo panalibe, nkhani ya madzi inali yosalongosoka, ndipo anthu amene anathawa boma anakathera kukhoti la boma kukadandaula.

Nkhani yotiphunzitsa kwambiri ndi ya tauni ya Grafton, m'chigawo cha New Hampshire ku America, ya anthu pafupifupi 1,000. Kuyambira 2004 ma libertarian anayamba kusamukirako mwadala kuti achuluke pa misonkhano ya tauni ndi kudula misonkho ndi malamulo. Anakwanitsa kuchepetsa ndalama zoyendetsera tauniyo, ndipo misewu inayamba kukumbika. Koma chimene chinatchuka, mpaka mtolankhani Matthew Hongoltz-Hetling kulemba buku mu 2020, ndi zimbalangondo. Ena ankataya zinyalala mwachisawawa, ena ankazipatsa chakudya pakhomo pawo, aliyense akuti pakhomo panga palibe wondiuza zochita. Zilombozo zinazolowera anthu, zinayamba kugwira ziweto, ndipo mu 2012 chimodzi chinavulaza mayi wina pakhomo pake. Sitinganene kuti ma libertarian ndiwo analenga zimbalangondo, pakuti zinali zikuchuluka kale m'chigawo chonsecho. Chimene tikuona n'chakuti chimbalangondo sichidziwa malire a puloti. Wodyetsa ndi wina, wolumidwa ndi wina.

Titamufotokozera zonsezi, mnyamata uja sanagonje, ndipo yankho lake linali lakuthwa. Anati: "Akuluakulu, mwandipatsa nokha umboni. Boma litachoka m'masikimu, ndani akuyendetsa madzi lero? Si alimi eni ake?"

Pamenepa anagunda pamutu pa msomali weniweni wa nkhaniyi, ndipo tiyenera kumupatsa zake. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, a Payoniya atabalalika, ogwira ntchito za boma atachepa, masikimu ambiri m'dziko muno anafooka. Ngalande zinadzaza matope, aliyense ankawokera tsiku limene wafuna, ndipo a kumunsi ankagona kumunda kudikira madzi. Koma mankhwala amene anapezeka sanali kubwezeretsa chikwapu. Lamulo la ulimi wothirira la 2001 linatsegula njira yoti masikimu aperekedwe m'manja mwa mabungwe a alimi ogwiritsa ntchito madzi, amene ambiri amangowatcha WUA. Alimi amasankha okha komiti, amasonkha ndalama, amagawana masiku othirira ndi masiku okonza ngalande. Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, anathera moyo wake akusonyeza kuti anthu wamba amatha kusamala madzi, nkhalango ndi nsomba popanda kulamulidwa ndi likulu. Chimodzi mwa zitsanzo zake chinali cha ku Valencia ku Spain, kumene alimi osankhidwa ndi anzawo amakhala pansi Lachinayi lililonse masana kuweruza milandu ya madzi pakamwa, popanda mapepala, mwambo umene ambiri amati mizu yake ili m'nthawi ya ulamuliro wa Asilamu m'dzikolo. Kwathu konkuno tili ndi chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mfumu Makanjira ndi asodzi amatseka usodzi miyezi ya dzinja, ndipo utaka umapezekabe pamene madoko ena akulira.

Komabe tikayang'anitsitsa, midzi imene yapirirayi siifanana ndi maloto a ku Grafton. Malamulo ake ndi ambiri kuposa a boma. Ku Mbenji mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa, ndipo wolakwa amathamangitsidwa pachilumba. Musikimu, wojomba pa tsiku lokonza ngalande amalipira chindapusa, wotsegula geti usiku amaitanidwa kubwalo. Ufulu umene alimi anaupeza ndi woti lamulo alipange okha ndi kutha kuchotsa komiti imene yawakhumudwitsa. Umenewu ndi ufulu waukulu, ndipo amene anakhalapo pansi pa chikwapu amaudziwa kukoma kwake. Koma ufulu woti munthu anene kuti "ine za ngalande sizindikhudza" sunapezeke paliponse pamene madzi akuyendabe.

Wotsatira Nozick adzayankha kuti palibe chodabwitsa, chifukwa malamulo okhwima ndi ololedwa malinga ngati munthu anawavomera yekha ndipo khomo lotulukira lili lotsegula. Apa ndi pamene ife tikusiyana naye, pakuti khomo limenelo ndi lotsegukira okhawo amene ali ndi kopita. Amene anasamukira ku Grafton anali ndi galimoto ndi ndalama zobwererera kwawo zinthu zitavuta, ndipo ambiri anabwereradi, kusiya eni tauni ndi maenje a mumsewu. Tiyerekeze mayi wamasiye amene puloti yake ili kumapeto kwa ngalande. Sangaisenze pamutu n'kupita nayo kwina. Manda a mwamuna wake ali pomwepo, ana ake ali pasukulu yapafupi. Kumuuza kuti ngati sakukondwa achoke ndi kumunyoza chabe. Nanga mwana wobadwira musikimu, anasainira liti pangano? M'badwo woyamba wokha ndiwo umasankha mudzi. Wachiwiri umangoupeza, monga momwe tonsefe tinapezera dziko lino.

Pali chinanso chimene mnyamata uja anachidumpha. Ngalandezo sanakumbe ndi alimi a lero. Zinakumbidwa ndi ndalama za msonkho ndi thandizo lakunja, pa malo amene kale anali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, ena a iwo osafunsidwa n'komwe. Nozick mwini wake anavomereza kuti chuma chimene chinayamba mopanda chilungamo chimafuna kukonzedwa, koma sanatiuze momwe tingachitire pamene olanda ndi olandidwa onse anamwalira. Ndipo madziwo amachokera kumapiri, kunja kwa malire a sikimu. Wotcha makala kumtunda, kapena wopatutsa mtsinje kuti athirire dimba lake, sali membala wa bungwe lililonse la kumunsi ndipo sanalonjeze kanthu kwa aliyense. Pa maganizo a ma libertarian iye akungogwiritsa ntchito malo ake. Komabe mtsinje ukamaphwa msanga chaka ndi chaka, wolira ndi mayi uja. Pamafunika wina woima pamwamba pa onse awiri, kaya ndi mfumu yaikulu, kaya ndi khonsolo, kaya ndi khoti, ndipo ameneyo, timutche dzina lililonse, ali ndi mphamvu yokakamiza munthu amene sanavomere.

Ife amene tinakula tikudziwa kusiyana kwa zakaat ndi sadaka sitivutika kumva mfundo imeneyi. Sadaka imachokera mu mtima wa wopereka, koma zakaat ndi gawo la wosauka limene lili m'chuma cha wolemera, afune asafune. Ma libertarian amavomereza yoyambayo ndi kukana yachiwiriyo, ndipo ndi pomwepo pamene mudzi wawo umasowa chochita ndi munthu amene alibe chogulitsa, monga nkhalamba, wodwala, kapena banja limene nyumba yake inagwa pa zivomezi za mu Disembala 2009 kuno ku Karonga. Chifundo cha anansi chimathandiza, koma tsoka likagwera mudzi wonse nthawi imodzi, anansiwo nawonso amakhala akugona panja.

Sitinamalize mkangano uja mogwirizana. Dzuwa litapendeka mnyamatayo anatifunsa funso limene mpaka lero likutisowetsa mtendere: "Nanga komiti ikayamba kukondera abale ake, n'kumapatsa madzi a kumtunda okha, mayi wanu uja akadandaula kwa yani? Kwa boma lomwe lija limene linkalanda mapuloti?" Tinayankha kuti pali chisankho cha komiti, pali bwalo la mfumu, pali khoti. Iye anaseka n'kutifunsa mtengo wa minibasi yopita ku Karonga ndi kubwera, kuwirikiza ndi maulendo amene mlandu umodzi umafuna. Tinawerengetsa pamodzi, ndipo ndalamayo inaposa imene mayiyo angapeze atagulitsa thumba la mpunga.

Sabata yotsatira tinamuona ali m'ngalande, matope m'mawondo, fosholo m'manja. Linali tsiku la mbali yawo, ndipo mayi ake, amene mpunga wawo ndiwo umamulipirira fizi, anali atadwala msana. Tinamufunsa ngati wabwera mwa kufuna kwake kapena poopa chindapusa. Anaponya matope kunja, napukuta thukuta, nati sanaganizirepo, ndipo kuti tibwere nthawi ina chifukwa madzi atsegulidwa mawa m'mawa.