KODI MLENDO ADYE ZONSE ZA MWINI MUDZI?

M'dziko la Britain muli nyumba zimene eni ace azicha "pub." Ndizo nyumba za mowa, kumene anthu asonkhana madzulo ataweruka ku nchito. Zakudya zirimonso: nsomba yomata ufa yokazinga pamodzi ndi mbatata ya kacewere, soseji ya nkhumba, ndi nyama ya ng'ombe yoocha tsiku Lamulungu. Kwa Mngerezi nyumba yotere iri ngati bwalo la pamudzi.

Itatha nkhondo yaikuru m'caka ca 1945, anthu ambiri a ku Pakistan ndi India anamuka kukagwira nchito ku Bradford, Birmingham ndi London, ndipo ambiri a iwo anali Asilamu. Pa kalembera wa 2021 Asilamu a ku England ndi Wales anapezeka pafupi 3,900,000. Adzukulu a alendo aja anabadwira komweko, ndipo Cingerezi ndico cinenero cao. Koma cipembedzo cao ciletsa nkhumba ndi mowa, ndipo nyama adya yokhayo imene aicha "halal," ndiko kunena yololedwa: yodulidwa pakhosi atachula dzina la Mulungu, mwazi nukhetsedwa. Tsono ena a iwo atsegula nyumba zodyeramo m'mizinda, naphika zakudya za m'pub zomwezo. Koma soseji ndi ya ng'ombe kapena ya nkhuku, ndipo mowa mulibe.

Kodi anthu awa acita bwino? Alipo ena amene ati, Mwaononga mwambo wa eni dziko. Pub yopanda mowa iri ngati mudzi wopanda mfumu. Alipo enanso amene ati, Mwataya za makolo anu, mwatsata za eni.

Tiyeni tikumbukire Danieli. Iye anatengedwa ukapolo kumka ku Babulo, naphunzira cinenero ndi nzeru za Akasidi, natumikira mfumu mokhulupirika. Koma anakana cakudya ca mfumu ndi vinyo wace, napempha kuti amuyese masiku khumi ndi zomera za m'munda ndi madzi. Sanadane nao eni dziko, ndiponso sanagulitsa cikumbu mtima cace. Munthu wokana zonse za mwini mudzi akhala mlendo mpaka imfa. Womeza zonse, ngakhale zimene mtima wace umtsutsa nazo, wadzitaya yekha. Njira yoongoka iri pakati, ndipo ophika aja ayesa kuyendamo. Paja akulu anati, mlendo adza ndi kalumo kakuthwa: iwo aonetsa eni dziko kuti ubwino wa nyumba ija suli m'cikho, koma m'kudyera pamodzi.

Nanga Mkristu alowemo kodi? Pa 1 Akorinto 10 Paulo alola Akristu kudya nyama yogulidwa pamsika, ndi kudya kwa munthu wosakhulupirira akawaitana, osafunsa mafunso. Koma awacenjeza kuti asapweteke cikumbu mtima ca wina. Pa Aroma 14 aletsa wakudya kupeputsa wosadya, ndi wosadya kuweruza wakudya. Cotero Mkristu akhoza kukhala pa gome limenelo ndi mtima woyera. Sitinena kuti zipembedzo zonse ndi cimodzi, iai. Ife tibvomereza kuti Yesu Kristu ndiye Mwana wa Mulungu ndi Mpulumutsi, ndipo Msilamu sabvomereza. Koma mudzamuuza bwanji za Yesu munthu amene mwakana kusamba naye m'manja?

Abale, nkhani iyi siiri kutali ndi ife. Ku Chipata iriko mizikiti, ndipo m'midzi yina Akristu ndi Asilamu atunga pa citsime cimodzi. Pa maliro kapena pa ukwati, mwini mbuzi akaitana Msilamu kuti aidule, kuti onse adye, sanakane Ambuye wace, wangokuza mphasa. Koma iye amene abisa nkhumba m'ndiwo kuti aseke mnansi wace, kapena akakamiza mowa munthu amene anauleka, ameneyo wacimwira Mulungu ndi mnzace yemwe.

Caka cino ambiri a inu mudzalandira alendo, ndipo ena mudzakhala alendo kwa eni, kaya ku migodi kaya kutsidya la nyanja. Mukakhala eni mudzi, musayese mlendo ndi mbale. Mukakhala alendo, landirani zonse zimene mtima wanu ulola, ndi kuyamika. Zotsalazo kanani mofatsa, monga anacita Danieli. Ambuye atithandize.