Mpango wa Mwana ndi Khomo la Sukulu

Ku Namwera, kumene belu la tchalitchi ndi kuitana kwa ku mzikiti zimamveka m'mudzi umodzi, funso ili si lachilendo: kodi mtsikana wa Chisilamu ayenera kuvula mpango wake, uja autcha hijabu, kuti alowe m'sukulu ya mishoni?

Mlanduwu unabala zowawa. Mu 2019 anthu anamenyana pa sukulu ya Aangilikani ya M'manga ku Balaka, ndipo mu 2020 ofesi inatenthedwa pa sukulu ya Katolika ya Mpiri ku Machinga. Opwetekedwa koposa anali ana, amene anakhala pakhomo osaphunzira.

Eklezia ali ndi chilungamo chake. Ndiye anamanga sukuluzo ndi thukuta la Akhristu, ndipo sangaumirizidwe kuchotsa mtanda pakhoma kapena kuleka mapemphero. Komabe aphunzitsi amalipidwa ndi boma, ndipo msonkho umene uwalipira utuluka m'thumba la Msilamu ndi la Mkhristu yemwe. Chotero sukulu yotere ili ndi mwini, koma khomo lake ndi la ana onse.

Mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa Vatikani unaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe kuchita zotsutsana ndi chikumbumtima chake pa zachipembedzo, pakuti chikhulupiriro chokakamiza sichikondweretsa Mulungu. Ndime 33 ya Malamulo Aakulu a Malawi itchinjiriza ufulu womwewo. N'chifukwa chake mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu, mothandizidwa ndi bungwe la PAC, anapangana kuti mpangowo uloledwe, ukhale wa mtundu wa yunifolomu. Mu 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba linatsegulanso makomo a sukulu za boma kwa ana a Chirasta osameta.

Ufuluwu uli ndi mapewa awiri. Wovala mpango alemekeze mapemphero a eni sukulu, ngakhale sapemphera nawo. Ndipo mwana wa Chikhristu m'sukulu ya Asilamu asavekedwe chimene mtima wake ukana.

Katekisiti wanzeru adziwa kuti mtima sukopeka ndi chitseko chotseka. Mtsikana wopirikitsidwa adzakumbukira mtanda monga chizindikiro cha manyazi ake. Wolandiridwa adzakumbukira kuti Akhristu anamphunzitsa mwachikondi. Umenewo ndiwo ulaliki umene sukulu ingathe kuupereka popanda kulakwira munthu.