Posintha oyilo, fyuluta musamaisiye

Ana anga, ambiri mwa inu tsopano muli ndi magalimoto. Wina wagula Probox yonyamulira katundu wa geni, wina Sienta yonyamulira anthu, wina Vitz yopitira ku ntchito. Magalimoto amenewa ambiri adayenda kale zaka ku Japan asanakwezedwe sitima ya ku Dar es Salaam n'kudzalowera pa Songwe. Injini zake si zatsopano, ndipo kuno zadzapeza fumbi ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala. N'chifukwa chake ndikufuna mumve za kachitini kakang'ono kamene kamakhala m'mbali mwa injini, komwe ambiri mumakanyozera: fyuluta ya oyilo.

Yambani mwadziwa ntchito yake. Oyilo amakhala pansi pa injini, mu sampu. Mukaliza galimoto, pampu imamukoka n'kumukankhira mu fyuluta asanafike ku zitsulo zimene zimazungulira ndi kukhulana. M'kati mwa kachitiniko muli pepala lopindapinda lomwe limagwira mwaye, fumbi ndi tinyenyeswa ta zitsulo. Pepalalo likadzaza, oyilo saima ayi. Muli kavalavu kamene kamatseguka kuti injini isaume, ndipo oyilo amangolambalala pepala n'kupita ku zitsulo ndi zinyalala zake zonse. Apa ndiye pali ngozi, chifukwa palibe nyale imene imayaka kukuchenjezani. Galimoto imayenda bwinobwino pamene m'kati ikudyeka tsiku ndi tsiku. Mudzazindikira injini itayamba kugogoda kapena kufuka utsi, makaniko akukutchulirani ndalama zoti mugulitse mbuzi zonse za m'khola.

Ndiye mukamva wina akuti, "Thirani oyilo yekha, fyulutayi ikadali bwino," musamvere. Waiona bwanji m'kati? Fyuluta yakale imasunganso oyilo wakuda amene amasakanikirana ndi watsopano mukangoliza injini. Kutero n'kusamba n'kuvalanso malaya a thukuta.

Pogula musathamangire yotchipa. Zachinyengo zilipo zambiri, bokosi lokongola ngati lenileni koma m'kati pepala lopyapyala, mwinanso kavalavu kosagwira ntchito. Pitani ku sitolo imene anthu amaidalira, mutalemba dzina la injini yanu, osati la galimoto lokha. Ma Probox, ma Sienta ndi ma Corolla ambiri ali ndi injini ya 1NZ-FE, imene imamwa malita pafupifupi 3.7 mukasinthira pamodzi ndi fyuluta. Mtundu wa oyilo, kaya ndi 5W-30 kapena wina, tsatirani zimene buku la galimoto yanu likunena. Oyilo wopimidwa m'mabotolo opanda chizindikiro musamuthire mu injini yanu.

Tsopano tcherani khutu, pakuti apa ndikunena za moyo wanu, osati wa galimoto. Musalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke basi. Jeke ndi wokwezera, si wogonera pansi pake. Amaterereka, amamira m'dothi lofewa, ndipo galimoto yolemera kuposa tani imodzi ikakutsikirani pachifuwa, simupeza ndi mpweya woitanira munthu. Imikani pamalo athyathyathya ndi olimba, kokani buleki ya pamanja, ikani miyala ku matayala a kumbuyo. Mukakweza, chirikizani ndi zitsulo zoimikirapo galimoto, kapena zipika zonenepa za mtengo wolimba. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Igwedezeni galimotoyo ndi manja musanalowe. Ana aang'ono akhale patali, koma pakhale wamkulu mmodzi pafupi woti akumveni mukaitana.

Lizani injini kwa mphindi zisanu kuti oyilo afunde, chifukwa wofunda amatuluka mosavuta. Koma ngati mwangofika kuchokera ulendo wautali, dikirani kaye. Oyilo wotentha amasupula khungu. Ikani beseni lakale pansi pa sampu, masulani bawuti yake. Pa Toyota zambiri imafuna sipanala ya 14. Musiyeni oyilo atuluke mpaka azingodontha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pobwezera bawutiyo ikani kawasha katsopano, ndipo mangani mokwanira, osachita kuponda sipanala ndi phazi. Mazinga a sampu akatha, ntchito ya ola limodzi isanduka ya sabata.

Sunthirani beseni pansi pa fyuluta n'kuimasula poizunguliza kumanzere. Ikakana, pali chomasulira chake cha lamba kapena cha tcheni. Ena amaiboola ndi sikuludiraiva, koma kachitini kakang'ambika mudzatsala ndi chitsulo chakuthwa chopanda pogwira. Ikatuluka, musaiponye msanga. Itembenuzeni muone ngati kamphira kozungulira kamene kali kukamwa kwake katuluka nayo. Nthawi zina kamakanirira ku injini, ndipo munthu wopupuluma amamanga fyuluta yatsopano pamwamba pake. Timphira tiwiri sitigwirana. Mwina pabwalo sipaoneka kanthu, koma mukalowa mumsewu oyilo amafwamphuka n'kutha yense m'mphindi zochepa, injini n'kugwira. Kungoyang'ana ndi kupukuta pamalopo ndi kansalu koyera kumakupulumutsani ku zonsezi.

Tengani yatsopano, viikani chala mu oyilo watsopano, pakani pa kamphira kake. Ilowetseni ndi dzanja, pang'onopang'ono. Ikamalimba isanafike kumapeto, ndiye kuti yalowa mokhota, bwezani muyambirenso. Kamphira kakangokhudza injini, onjezerani kuzunguliza pang'ono osakwanitsa ulendo wathunthu, magawo atatu mwa anayi, monga zimalembedwera pa mafyuluta ambiri. Dzanja likwanira. Mphamvu za unyamata zisungireni kumunda, chifukwa fyuluta yomangitsa imaphwanya kamphira ndipo mudzavutika nayo nokha tsiku lomasula. Magalimoto ena alibe kachitini kotere, ali ndi chivundikiro chimene mumamasula n'kusintha pepala lokha la m'kati pamodzi ndi timphira take. Yang'anani kaye yanu musanapite kogula.

Thirani oyilo pamwamba, tsekani, tsitsani galimoto. Mukaliza injini musaponde mafuta. Nyale yofiira ya oyilo izime m'masekondi ochepa, fyuluta ikangodzaza. Ikapitirira kuyaka, zimitsani injini pompo. Suzumirani pansi muone ngati pakudontha pa bawuti kapena pa fyuluta. Kenako zimitsani, dikirani mphindi zingapo, solorani kandodo koyezera, pukutani, bwezerani, soloraninso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri za pa kandodoko. Musapyoze poganiza kuti wochuluka ndiye wabwino. Amachita thovu ndipo amayamba kutulukira m'masilo.

Lembani makilomita ndi tsiku m'kabuku kokhala m'galimoto momwemo. Kwa ife oyenda m'misewu ya fumbi, ndi inu a m'tauni amene mumaima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto ku Limbe kapena pa mlatho wa Lilongwe, ine ndimati musapyole makilomita 5,000 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chimene chayamba kukwana. Ndipo atsikana inu, musaganize kuti ndikulankhula ndi alongo anu okha. Ntchitoyi imafuna maso ndi kudekha, ndipo galimoto ndi yanu.

Chatsala ndi oyilo wakuda uja ali m'beseni. Zimandipweteka mtima kuona munthu akumukhuthulira m'ngalande kapena kuseri kwa nyumba. Mvula ikagwa amatsikira kudambo kumene amayi anu amalima ndiwo, amalowa pansi kufupi ndi chitsime chimene mudzi wonse umamwa. Ena amapaka pa zilonda za ng'ombe ndi agalu, koma oyilo wogwira kale ntchito ali ndi poizoni, ndipo ngakhale pakhungu lanu sayenera kukhalitsa. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo. Fyuluta yakale ivundikireni m'beseni ikhe yonse. Oyiloyo muthireni m'chigubu cha oyilo watsopano chimene mwakhuthula chija, tsekani zolimba, muike patali ndi ana ndi moto, ndipo tsiku lopita m'tauni mufunse ku galaja imene imasonkhanitsa oyilo wakale. Chonde, ana anga, musamutaye pansi.