Katundu Weniweni wa Njovu

Mu Kitáb-i-Aqdas Bahá'u'lláh amatiletsa kusenzetsa nyama katundu woposa mphamvu zake. Nanga njovu, ndi mphamvu zake zonse zija, ingalemedwe ndi anthu awiri okhala pamsana pake?

Ku Thailand alendo ambiri amalipira kuti akwere njovu. Kuti ilole kukweredwa, nthawi zambiri njovu imachotsedwa kwa mayi wake ikadali yaing'ono, n'kumangidwa ndi kumenyedwa mpaka itagonja. Katundu wake weniweni ndiye mantha, unyolo ndi kusungulumwa. Malonda amenewa achititsanso ena kugwira ana a njovu m'tchire mozemba, chonsecho njovu za ku Asia zili pangozi yakutha.

Komabe tisafulumire kuweruza. Dzikolo litaletsa kudula mitengo m'nkhalango mu 1989, njovu zokoka mitengo zinasowa ntchito pamodzi ndi ozisamalira. Njovu yaikulu imadya makilogalamu oposa 100 patsiku. Alendo atasiya kubwera mu 2020 chifukwa cha Covid-19, njala inagwera njovu ndi mabanja a ozisamalira omwe.

Choncho kungoletsa kukwera sikukwanira. Tikamvera chisoni njovu n'kuiwala munthu woidyetsa, onse awiri agona ndi njala. Chilungamo chimafuna njira yosamalira onse, monga malo amene alendo amalipira kuti angoonerera njovu zikudya ndi kusamba.

Tikambirane: kodi ng'ombe ndi abulu otikokera ngolo timawasenzetsa zotani? Nanga ana athu akuphunzira chiyani akamationa?